Nyenje za m'makutu mwa bambo

Kwathu nyenje zimalira mu Okutobala, ndipo mvula ikagwa zimatonthola. Za m'makutu mwa bambo athu sizidziwa nyengo. Zinayamba iwo atagwira ntchito pa chigayo zaka zambiri, ndipo mpaka lero sizinaleke.

Poyamba ife ana awo tinkangoseka. "Ababa, ndiye kuti wina akukunenani kwinakwake," tinkatero, iwo n'kumwetulira. Patapita miyezi kumwetulira kuja kunatha. Pakati pa usiku tinkamva chitseko chikutseguka, ndipo tikasuzumira tinkawaona ali pakhonde atagwira mutu. Anayamba kupsa mtima ndi tinthu tating'ono. Tsiku lina tinawamva akunong'oneza amayi kuti mwina misala imayamba chonchi, kapena pali munthu amene wawachita chipongwe. Anatchula ngakhale dzina la mnzawo wa kuchigayo. Apo m'pamene tinadziwa kuti nkhaniyi si yoseketsa.

Monga ana a sukulu, tinathamangira pa foni. Tinapeza kuti madokotala amalitcha vutoli tinnitus, kutanthauza kumva phokoso limene kunja kulibe. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 m'magazini ya JAMA Neurology anawerengera kuti akuluakulu pafupifupi 14 pa 100 alionse ali nalo, anthu oposa 740 miliyoni pa dziko lonse. Mkati mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, ndipo m'menemo muli timaselo ta titsitsi tonyamula mawu kupita ku ubongo. Phokoso lopitirira madesibelo 85, munthu akamakhalamo maola 8 tsiku ndi tsiku, limatha kupha timaseloti, ndipo tikafa sitimeranso. Ubongo ukasowa mawu amene unazolowera umachita ngati wailesi yotaya siteshoni: mukakweza, mumangomva kuti shwii. Amene anamwapo kwinini akudziwa kulira kwake, kungoti kwa kwinini nthawi zambiri kumatha mankhwala akatha.

Tinawaikira pulogalamu ya pa foni yoliza mkokomo wa mvula ndi wa mtsinje. Usiku woyamba anagona mpaka tambala. Tinadzitama kuti sukulu yagwira ntchito. Koma magetsi akathima, batire n'kutha, nyenje zinkabwerera ndi mantha ake onse. Mapulogalamu ena anali ndi maphunziro othandiza maganizo, koma amene tinapeza anali m'Chingerezi, chimene bambo sawerenga bwino. Pali china chimene tiyenera kuvomera. Foni ija tinawapatsa mwachikondi, inde, komanso tinali titatopa ndi madandaulo awo. Tinkafuna kuti foni iziwamvera m'malo mwathu.

Amayi ndi amene anaumirira kuti tipite nawo ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli gawo loyeza makutu. Kumeneko anawayang'ana ngati m'makutu muli phula lotseka, anawayeza kamvedwe, n'kupeza kuti mawu ang'onoang'ono okwera sakuwamvanso bwino. Kenaka amene ankawayeza anaika zida pansi n'kufunsa kuti, "Bambo, phokosoli likakula usiku, mumaganiza chiyani?"

Funso limenelo palibe mmodzi wa ife anali atawafunsapo. Bambo anakhala chete kanthawi, kenaka zonse zinakhuthuka: za misala, za mnzawo uja, za mantha oti adzagontha n'kukhala mtolo kwa ana. Anawamvetsera mpaka kumapeto osawaseka, n'kuwalongosolera m'Chichewa kuti gwero lake ndi chigayo. Anawauzanso kuti munthu akaliopa phokosoli, ubongo umaliyesa mdani n'kumalitchera khutu, ndipo ukalitchera khutu limamveka lalikulu, mantha n'kuwonjezeka.

Pambuyo pake tinawerenga kuti mfundo imeneyi ndiyo maziko a chithandizo chokambirana chotchedwa CBT. Sichizimitsa phokoso. Chimaphunzitsa munthu kugwira ganizo lomuopsa, kuliyesa ngati ndi loona, n'kubwerera ku zimene anasiya chifukwa cha mantha. Mwa njira zonse zimene zayesedwa, imeneyi ndiyo ili ndi umboni wamphamvu wakuti imachepetsa kuvutika kwa wodwala. Ngakhale zili choncho, foni si yotaya. Malangizo a 2020 a bungwe la NICE ku England amati wovutika ayambe ndi CBT ya pa foni kapena pa kompyuta, ikalephera alowe m'gulu, kenaka aonane ndi katswiri payekha. Choncho funso si lakuti foni kapena munthu. Funso ndi lakuti, kodi chimene mwapatsa wodwala chikungophimba phokoso, kapena chikufika pa mantha ake?

Akatswiri a CBT kwathu kuno ndi ochepa, ndipo ife sitili m'gulu lawo. Komabe patchuthi tinayamba kukhala ndi bambo madzulo. Tinkawerenga phunziro limodzi la pa foni, n'kuliika m'Chichewa, kenaka n'kutseka pakamwa kuti iwo alankhule. Kutseka pakamwako ndiko kunali kovuta. Ife amene tikuphunzira uphunzitsi timafulumira kuyankha funso lisanathe. Mvula ya pa foni imalirabe usiku, koma tsopano amaitsitsa kuti nyenje zizimvekako pang'ono, ubongo uzizizolowera. Mnzawo uja anakamupatsa moni.

Ngati kwanu kuli wina wotere, musachedwe kupita naye kuchipatala, makamaka phokoso likakhala khutu limodzi, likamagunda pamodzi ndi mtima, kapena likabwera ndi chizungulire kapena kugontha kwadzidzidzi. Nafenso a m'mahosteloni, amene timagona mahedifoni ali m'makutu, tili ndi chigayo chathu.

Sabata yatha tinawaimbira foni masana, dzuwa likuswa mtengo, n'kuwafunsa za makutu.

"Zikulira ndithu," anatero. "Zanga ndi za mu mtengo wa mango zikupikisana. Koma ndikupala mpini, ana inu, mundiimbire madzulo."