Thanki yosadzaza ndimaiopa

Ntchito yanga ndi yomanga zimbudzi ndi masepitiki thanki, nthawi zina kuwaka zitsime ndi makola. Ndimapezeka kwambiri ku Chinsapo ndi ku Mtandire mu Lilongwe, kumene mapuloti ndi othithikana, ndipo madzi akasiya m'mipopi aliyense amathamangira chitsime cha kuseri kwa nyumba.

Pempho la eni nyumba limene silindichoka m'khutu ndi ili: "Amisiri, pansi pa thankiyo musathire konkire, m'mbalimo musiyemo timabowo kuti isamadzaze." Ndimawamvetsa, galimoto yopopa imadya ndalama. Komabe ndimakana. Thanki ikatha zaka osadzaza ndiye kuti ikudontha, ndipo kumene ikudonthera ndi komwe kukuyenda madzi amene aneba akutunga.

Thanki yabwino imakhala ndi zipinda ziwiri, choyamba chachikulu kawiri kuposa chinzake. Zolemera zimamira, mafuta ndi thovu zimayandama, madzi apakati okha ndi amene amawolokera chipinda chachiwiri n'kutulukira pa paipi ya T kupita ku sokawe, dzenje lolowetsera madziwo m'nthaka. Ndikamaliza pulasitala ndimadzaza madzi, n'kulemba mzere ndi choko. Mawa lake mzere ukakhala pamwamba, madzi pansi, ndiye kuti penapake pali mng'alu, ndipo silabu sindiyika.

Ambiri amanyengeka ndi madzi a ku sokawe chifukwa amaoneka oyera. Tizilombo timakhala tikadali momwemo. Chimene chimatisefa ndi dothi louma, madziwo akamalowa pang'onopang'ono. N'chifukwa chake pansi pa sokawe kapena dzenje la chimbudzi payenera kutalikirana ndi madzi a pansi ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposa, poyeza mu February, osati mu October pamene zitsime zaphwa. Ndisanakhudze pikisi ndimayamba ndafunsa amayi a pamalopo kuti m'dzinja chitsime chimafika pati. Amadziwa kuposa tepi yanga. Azaumoyo amati dzenje likhale mamita 30 kuchokera pachitsime, kumunsi kwake. Papuloti ya m'tauni mamita amenewo kawirikawiri kulibe, kapena amathera pachitsime cha mnzako. Zikatero ndimanena poyera: madzi a m'chitsimecho azithiridwa kolorini kapena kuwiritsidwa.

Kolera ya mu 2022 ndi 2023, yomwe inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, inachititsa anthu kuyamba kumva za zimbudzi. Za khola ndiye ayi. Amati ndowe za ng'ombe n'zabwinobwino poti n'zaudzu. N'zoona kuti kolera imachokera ku chimbudzi cha munthu, koma ndowe za ng'ombe, za nkhumba ndi zitosi za nkhuku zili ndi tizilombo take totsegula m'mimba, makamaka mwa ana. Mvula yoyamba ikagwa zonse zimakokolokera kudambo.

Khola la nkhumba ndimalipendeketsa pang'ono pansi kuti mkodzo ndi zotsuka zitsatire ngalande mpaka m'dzenje lowaka. Kumtunda ndimakweza mzere woti madzi a mvula alambalale. Manyowa aziunjikidwa pouma, pansi pa kadenga ka udzu, n'kumatembenuzidwa. Mulu ukatentha mkati tizilombo tambiri timafa, ndipo kumunda amapita atapsa. Pamjigo, chomwera ziweto ndimachimanga kumapeto kwa ngalande yaitali, chifukwa ziboda zikamaponda pafupi zimagumula konkire ya m'mphepete, matope a ndowe n'kumatsikira mumng'alu motsata paipi ya mjigowo.