ULENDO WA KU LIKOMA: M'MENE ASANKHIRA NGALAWA YA THANGA

Inu anzathu a kumtunda, amene munazolowera khasu ndi ngolo, kapena muganiza kuti nkhani ya ngalawa siikukhudzani. Koma tsiku lina mwana wanu adzakwatiwa ku Likoma, kapena mudzafuna kukagulitsa cimanga canu kutsidya, ndipo tsiku limenelo moyo wanu ndi zokolola zanu zidzakhala pa matabwa owerengeka okhomedwa ndi misomali. Cifukwa cace tiyeni tipitire limodzi ku Likoma, tikaone m'mene eni nyanja asankhira ngalawa.

Mukakwera sitima ku Nkhata Bay, muyamba mwaima pa Chizumulu, kenaka mufika ku Likoma. Zisumbu ziwirizi nza Malawi, ngakhale ziri pafupi ndithu ndi mtunda wa Mozambique, kotero kuti mapiri a kumeneko muwaona bwino lomwe muli ciimire pa mcenga. Likoma ndi dziko la miyala ndi malambe. Nthaka yace njoonda, ndipo mbeu imene imalola ndi cinangwa ca kondowole. Pa Chipyela pali chalichi cacikuru ca Petro Woyera, cimene amishoni a U.M.C.A. anayamba kumanga mu 1903. Koma anthu sadya miyala. Nkhuni, cimanga, nsungwi ndi udzu wofolera nyumba, zambiri zimacokera kutsidya, ku Cobue ndi midzi ya kumeneko, ndipo zimabwera pa ngalawa za thanga. Mukaima pa doko la Mbamba muziona zirinkubwera cete, popanda injini, popanda petulo, mphepo yokha irinkugwira nchito.

Ngalawa zimenezi zinafika pa nyanja yathu ndi Aswahili. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota ca m'ma 1840, ndipo ngalawa za kumeneko zinali kuolotsa akapolo ndi minyanga kunka kum'mawa. David Livingstone atafika pamenepo mu 1863 anapeza ina irinkupangidwa pa doko. Malonda oipawo anatha m'ma 1890, koma luso linatsala. Thanga lace nla ngodya zitatu, limamangidwa ku mtengo wautali wopendekeka, ndipo mtengowo umakwezedwa ndi cingwe pa mlongoti waufupi.

Musanayang'ane ngalawa, yambani mwadziwa mphepo. Mwera umacokera kumwera, ndipo umalimba m'miyezi yozizira, makamaka June ndi July. Umatha kuomba masiku angapo osaleka, mafunde nakula ngati nyumba. Mpoto ndi wa nthawi ya mvula, ndipo umadza ndi namondwe wadzidzidzi. Palinso bvuma wocokera kum'mawa ndi zambwe wocokera kumadzulo. Ngalawa yabwino ndi imene ipirira mphepo ya pa njira imene inu mudzayendapo.

Tsono tinene kuti inu ndi anzanu mwasonkha ndalama za mpunga kuti mugule ngalawa, kapena mwangoima pa doko kusankha yoti mukwere. Muyang'ane ciani?

Coyamba, yang'anani kunsi kwace. Ngalawa ya kunsi kosalala imasenza katundu wambiri ndipo imakoceza bwino pa mcenga ndi pa madzi osaya, monga a nyanja ya Chilwa. Koma pa nyanja yaikuru imamenyetsa mimba pa mafunde, ndipo mphepo ikadzera m'mbali imatengedwa cam'mbali ngati lichero. Ngalawa yokhala ndi msana wolowa m'madzi imagwira njira, ngakhale njobvuta kuikokera kumtunda. Ya ulendo wa pakati pa Likoma ndi Chizumulu ikhale ya msana.

Caciwiri, onani kutakata kwace. Yopapatiza imathamanga, koma siicedwa kupendekeka. Yotakata imayenda pang'onopang'ono, koma imakhazikika. Mlimi wonyamula matumba ndi ana asasirire liwiro.

Cacitatu, matabwa. Mlombwa ndi mbawa zimapirira madzi zaka zambiri. Paini ndi wochipa, koma sacedwa kuola. Musanyengedwe ndi penti watsopano, pakuti cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani kampeni, mubaye pang'ono matabwa a pansi, nthiti za ngalawa, ndi pamene paimikidwa mlongoti. Mpeni ukalowa ngati m'mbatata, cokanipo. Onaninso misomali ngati yadyeka ndi dzimbiri, ndi mipata ya pakati pa matabwa ngati yatsekedwa bwino ndi thonje ndi phula.

Cacinai, thanga ndi zingwe. Thanga lalikuru likondweretsa maso pa tsiku la bata, koma mphepo ikabwera mwamphamvu ndilo limagubuduza ngalawa. Funsani mwini ngalawa alitsitse inu mukuona. Ngati cingwe cikakamira, kapena anthu awiri alephera kulitsitsa msanga, ngalawayo siyabwino, pakuti namondwe sadikira munthu kumasula mfundo. Thanga losokedwa ndi matumba a feteleza limagwira nchito, koma dzuwa limalifoola. Likokeni m'misoko muone ngati sing'ambika.

Cacisanu, tsigiro, ndiyo thabwa ya kumbuyo yoongolera. Igwedezeni ndi dzanja. Zitsulo zace zikakhala zolobodoka, idzaguluka pamene muifuna koposa. M'ngalawa musasowe nkhafi, nangula wa cingwe cacitali, cokapira madzi, nyali, ndi majekete oyandamitsa munthu.

Mukatha kuona zonsezi, musapereke ndalama ngalawa iri pa mcenga. Ng'ombe ya pa goli muiyesa m'munda. Ngalawanso muiyese pa madzi, iri ndi katundu, pa nthawi ya mphepo. Onani zinthu zitatu. Kodi imamvera tsigiro msanga? Kodi pofuna kunka kumene mphepo icokera, poyenda mokhotakhota, imapita patsogolo kapena ingotengedwa? Ngalawa za mtundu uwu zimakonda mphepo ya m'mbali ndi ya kumbuyo, koma yabwino iyenera kupindulako ngakhale mphepo iri yotsutsa. Nanga madzi alowa ocuruka bwanji? Ngalawa iri yonse ya matabwa imadontha pang'ono, koma ngati mnyamata wokapa sapumula, mwagula citsime.

Polonga katundu, zolemera zikhale pansi ndi pakati, zomangidwa bwino kuti zingasunthire mbali imodzi. Mlomo wa ngalawa ukayandikana ndi madzi, tsitsani matumba ena, kapena tsikani inu. Kutaya tsiku limodzi pa doko nkwabwino koposa kutaya banja. Ndipo ngati ngalawa idzanyamula anthu olipira, kaonaneni ndi a Boma oyang'anira za maulendo a pa nyanja kuti aiyese ndi kuilemba.

Musayese kuti nyanja iopa munthu wamkuru. Mu September 1895, Chauncy Maples, mmodzi wa amene anayambitsa mishoni ya Likoma, anali kubwerera atangodzozedwa kumene kukhala bishopu. Anakwera ngalawa ya thanga yacitsulo, dzina lace Sherriff. Usiku mphepo inakula, ngalawa inagubuduzika kufupi ndi gombe la Salima. Anthu akuda amene anali m'menemo anasambira nafika kumtunda, koma bishopuyo ndi mnzace Joseph Williams anamira. Manda a Maples ali ku Nkhotakota. Ngakhale sitima ya Vipya inamira m'namondwe mu July 1946 kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anafa.

Cifukwa cace mukafika ku Likoma, khalani pansi pa mthunzi ndi akuruakuru a pa doko, mufunse kuti ngalawa yakutiyakuti anaipanga ndani, yayenda zaka zingati, ndipo woyendetsa wace ngwotani. Iwo adziwa imene inabwerako ku mwera ndi imene imangoyenda pa bata. Safunsa anadya phula. Ndipo woyendetsa akayang'ana kumwera nanena kuti lero sitipita, musamkakamize cifukwa mwafulumira. Yalani mphasa yanu, mugule usipa, mudye kondowole, mudikire mawa.