Msewu Wokwera Phiri la Zomba

Amayi anzanga, mukadzapita ku Zomba musadzabwerere pamsika pokha. Mudzakwere ndithu msewu wa phula wopita pamwamba pa phiri, ku Chawe. Mzinda umenewu unali likulu la dziko lathu kufikira chaka cha 1975, pamene boma lidasamukira ku Lilongwe, ndipo phiri lake lidakali lokoma m'maso. Msewu wake ndi wopapatiza, wokhotakhota ngati njoka, wopyola pakati pa mitengo ya paini ndi matanthwe. Pokwera, kamphepo kamayamba kuzizira, ndipo nyumba za m'munsi zimaoneka ngati mabokosi a machesi. Pamwamba pake mudzapeza damu la Mulunguzi, limene limamwetsa anthu a mumzinda.

Galimoto zoyenda pamenepa n'zowerengeka. Ochuluka ndi amayi otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, anyamata a njinga, ndi ogulitsa zipatso m'mbali mwa njira. Tsono mwina mungayese kuti msewu wotere sukalamba, popeza malole olemera saupondereza usana ndi usiku. Iyayi. Adani a msewu wachete ndi awiri, dzuwa ndi madzi.

Phula limene amathira pamisewu yaing'ono ndi lopyapyala. Mphamvu yeniyeni ili m'miyala ndi dothi lotsenderedwa limene lili pansi pake. Ntchito ya phula ndi yonga ya udzu wa padenga, ndiyo kutchinga madzi. Zaka zikamapita, dzuwa limaumitsa phulalo mpaka kuchita ming'alu. Mvula ikabwera, madzi amalowa m'ming'alumo nafewetsa za pansi, ndipo tayala likangoponda, kadzenje kabadwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: msewu ungaoneke wosalala pamwamba pamene pansi pake pavunda kale. M'phiri madzi amatsika ndi liwiro, kotero ngalande imodzi ikatsekeka ndi masamba ndi mchenga, amadumphira pamsewu nayamba kukukuta m'mphepete. Namondwe Freddy wa m'mwezi wa Marichi 2023 adationetsa zimene madzi angachite pamisewu ya m'chigawo cha kumwera.

N'chifukwa chake akatswiri amati msewu wotere uyenera kumatidwa ming'alu msanga, ndi kuthiridwanso phula latsopano ndi timiyala pakapita zaka zingapo, usanabowoke. Kutero n'kotsika mtengo. Koma kudikira kuti ugumuke ndi kuumanganso kumadya ndalama zochuluka koposa. M'dziko muno misewu ikuluikulu imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, limene lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 2006, ndipo mbali ya ndalama zokonzera imachokera ku msonkho umene umadulidwa pa mafuta a galimoto. Vuto n'lakuti ndalama zikachepa, maso amathamangira kumisewu ya piringupiringu, ndipo yachete imaiwalika.

Ikaiwalika amalira ndani? Ndife. Ndi mayi amene matenda a uchembere amuyamba usiku, mwini galimoto nakana kupita kukamutenga poopa maenje. Ndi mayi amene tomato wake wapsinjika asanafike pamsika, ndiponso mtengo wa ulendo wakwera.

Chotero, kaya kwanu ndi ku Zomba kaya kwina kumene kuli kamsewu ka phula, pali zimene gulu la amayi lingachite popanda khobidi. Tisataye zinyalala m'ngalande. Tisalime kufikira m'mphepete mwa phula, kapena kuwongolera madzi a m'munda kumsewu. Tiletse ana kusonkha moto paphula, pakuti moto umalisungunula, monganso dizilo akatayikirapo. Mvula isanayambe, tipangane tsiku lofukula ngalande zoyandikana ndi midzi yathu, titauza amfumu. Ndipo tikaona ming'alu kapena kalavati wotsekeka, tikanene kwa khansala kadzenje kakadali kofanana ndi mbale, kasanakule ngati lichero.