Mukukhala nokha ku England? Tayang'anani bili ya madzi

Abale amene mukukhala nokha kuno ku England, tatengani bili yanu ya madzi muiwerenge bwinobwino. Zinthu zadula ndithu, mu 2025 mabili anakwera ndi pafupifupi 26 peresenti, koma ena mukulipirira madzi amene simunatunge.

Nyumba ikakhala yopanda mita, kampani siwerenga madzi amene mwagwiritsa ntchito. Imatengera mtengo umene nyumbayo inaikidwa kalekale, 1990 isanadutse. Ndiye inuyo, wophika kamphika kamodzi ndi kuchapa pa Loweruka pokha, mukulipira mofanana ndi banja la ana anayi la m'nyumba ngati yanuyo. Chilungamo chake chili pati?

Komanso bili ija ili pawiri: madzi olowa, ndi madzi otuluka ku bafa ndi kuchimbudzi. Ambirife kwathu tinazolowera chimbudzi chokumba, kuno suweji ndi ndalama, ndipo nthawi zambiri imaposa ya madzi akumwa. Mukakhala ndi mita, suwejiyo amaiwerengera pa madzi amene alowa, ndiye zonse zimatsikira limodzi.

Kuika mita n'kwaulere. Akalephera kuika chifukwa cha mmene mapaipi a mu fulati anayendera, pali mtengo wapadera wa munthu wokhala yekha, koma sangakupatseni musanapemphe mita.

Anzathu a ku Scotland zanu n'zina: madzi mumalipirira limodzi ndi council tax, ndipo wokhala yekha amamuchotsera 25 peresenti.

Imbani foni ku kampani yanu sabata ino, musachite manyazi.