Bulu wamphongo akalephera kubereketsa

Ndine mlangizi wa ziweto m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi. Mabuku amene tinaphunzira amakamba za akavalo ambewu, koma kuno amene ndimawagwira ndi manja ndi abulu okoka ngolo za fodya ndi soya kupita ku Mponela, Madisi ndi Malomo. Pa nkhani ya kubereka, bulu ndi kavalo amadwala matenda omwewo.

Dandaulo limakhala limodzi: "Alangizi, wamkazi wanga sakutenga bere, mubayeni." Ine ndimayamba ndafunsa za wamphongo. Akazi atatu akakweredwa ndi bulu mmodzi, onse n'kufunanso mphongo pakatha masabata atatu kapena anayi, mlandu suli kwa iwo. Bere la bulu limatenga miyezi 12, ndiye kusaka vuto polakwika kumaluzitsa banja chaka chathunthu.

Ndimapita m'mamawa dzuwa lisanawawe. Mwini amagwira mutu, ine ndimaima chapaphewa kuopa mateche, dzanja lina pamsana, lina ndikulitsitsa pang'onopang'ono ndikumulankhula. Machende abwino amakhala awiri, ofanana kukula, olimba, ndipo amaterereka m'thumba mwake. Limodzi likatupa n'kumatentha, kawirikawiri amakhala kuti anapondedwa ndi wamkazi amene anamukakamizira tsiku lisanakwane. Wamkazi wokonzeka sabisa: amatafuna m'kamwa mulibe kanthu, makutu atagoneka kumbuyo. Machende akakhala ofewa ndi ofota, ndimayang'ana nthiti ndi zilonda za goli pakhosi, ndipo yankho limapezeka pamenepo.

Chimene alimi ambiri sachidziwa n'chakuti mbewu ya mphongo imatenga pafupifupi miyezi iwiri kuti ikhwime. Bulu amene anatentha thupi kapena kulemetsedwa ndi katundu nthawi yokolola amakwera ndithu, koma umuna wake umakhala wopanda mphamvu mpaka miyezi iwiriyo ithe. Palibe jakisoni wofupikitsa nthawi imeneyi. Mankhwala ake ndi kumumasula pa ngolo, kumupatsa madeya, zotsalira za mtedza, madzi okwanira ndi mankhwala a njoka zam'mimba.

Nthawi ya dzinja ntchentche zimasiya timphutsi pansonga ya chokodzera, n'kupanga chilonda chofiira chotukusira chimene chimatuluka magazi pokwera. Magazi amawononga umuna. Apa ivermectin amathandiza, bola ndowe zichotsedwe m'khola. Potsuka ndimagwiritsa madzi ofunda okha. Sopo ndi mankhwala ophera majeremusi amachotsa tizilombo tabwino ta pakhungu, n'kusiyira malo Pseudomonas ndi Klebsiella, tizilombo timene timakalowa m'chiberekero cha wamkazi ndipo penisilini sitimumva. Ndikaona mafinya ndimatengako pang'ono kuti akayezedwe ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe ndisanasankhe mankhwala. Zimandiwawa ndikapeza bulu atabayidwa kale mabotolo ogula pamsika popanda womuyeza; ndalama zapita, matenda akhwima.

Pali nthenda imodzi imene ndimaiopa koposa, ya dourine. Kachilombo kake, Trypanosoma equiperdum, ndi kachibale ka kamene kamayambitsa kaodzera, koma sikadalira kashembe: kamayenda makamaka pokwerana. Imadziwika ku South Africa, Namibia ndi Ethiopia. Chiweto chimatupa kumaliseche mpaka pamimba, khungu lakumeneko limatuwa mawangamawanga, chimaonda, pamapeto miyendo yakumbuyo imafooka. Abulu amatha kukhala nayo osaonetsa chizindikiro n'kumapatsira ena. Ilibe katemera, ndipo mankhwala sachotseratu kachilomboko, choncho woganiziridwa ndimamuletsa kukwera ndipo ndimadziwitsa ofesi ya ziweto kuti atengedwe magazi.

Inu amene mumabwereka mphongo kwa anzanu, muwerameko muone pansi pa mimba yake musanamulowetse m'khola mwanu. Mukaona kutupa, chilonda kapena mafinya, m'bwezeni tsiku lomwelo ndipo itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu.