Kaonekedwe ka Magulu a Zizindikiro pa Mapu a Pafoni

Pulogalamu ya pafoni yoonetsa mijigo, zipatala za m'midzi, misika ya chimanga ya bungwe la FRA kapena mashopu a feteleza ku Chiparamba ndi madera ozungulira Chipata imakhala ndi malo ambiri oti ionetse pa sikirini yaing'ono. Malo aliwonse ali ndi chizindikiro chake, kaphini kobayidwa pa mapu. Munthu akatalikitsa mapu kuti aone dera lonse, timaphini mazanamazana timapanikizana mpaka misewu ndi mayina a midzi sizionekanso, nayo foni imayamba kulemera. Mankhwala ake ndi kusonkhanitsa timaphini toyandikana kuti tikhale kabwalo kamodzi kokhala ndi nambala pakati, kamene amisiri amati cluster. Mapu akayandikitsidwa, gululo limagawikana kukhala timagulu ting'onoting'ono mpaka mjigo uliwonse uonekere pawokha.

Kuika mapu mu pulogalamu ndi kuyatsa magulu n'zodziwika kwa aliyense amene anakhudzako ntchitoyi, ndipo sizifuna kulongosola. Pa Android pali ClusterManager ya Google. Pali Leaflet, imene Volodymyr Agafonkin anatulutsa mu 2011, yokhala ndi chothandizira chake Leaflet.markercluster. Palinso MapLibre, imene inayamba mu 2020, ndipo imayenda bwino ndi mapu aulere a OpenStreetMap. Zida zonsezi zimadziwa kusonkhanitsa timaphini ndi kutiwerenga, koma palibe n'chimodzi chomwe chimene chimadziwa kuti mjigo n'chiyani. Ntchito ya mmisiri imayambira pamenepo.

Choyamba ndi kuyeretsa manambala a malo. Chipata ili pafupi ndi madigiri 13.6 kummwera ndi 32.6 kummawa. Wolemba akaiwala kachizindikiro kochotsera patsogolo pa 13.6, mjigo wa ku Chiparamba umakatulukira ku Sudan. Akasinthanitsa manambala awiriwo, umakagwera m'nyanja ya Atlantic kufupi ndi Morocco, ndipo vutoli silisowa chifukwa GeoJSON imayamba ndi nambala ya kummawa pamene Google imayamba ndi inzakeyo. Gulu lokongola lomangidwa pa manambala olakwika ndi bodza lopakidwa penti.

Chachiwiri ndi mtunda wosonkhanitsira. Chida cha Google chimabwera chitaikidwa pa 100 dp (muyeso wa pa sikirini), Leaflet.markercluster pa mapikiselo 80, MapLibre pa 50. Miyeso imeneyi siinapangidwire dera la kuno. M'tauni, ku Kapata, mashopu ndi ogundizana ndipo mtunda waukulu umathandiza. Kumidzi nyumba zimakhala pamodzi, kenako minda ndi madambo, kenako mudzi wina, choncho mtunda waukulu umameza midzi itatu ya mafumu osiyana n'kuisandutsa kabwalo kamodzi. Leaflet ndi MapLibre zimaika kabwaloko pakatikati pa timaphini take, ndipo pakatikatipo pakhoza kukhala paphiri kapena m'dambo mopanda mjigo uliwonse. Kumalire a Mwami, mijigo ya ku Mchinji ndi ya ku Chipata imatha kulowa m'gulu limodzi ngati mmisiri sanailekanitse. Wodziwa ntchito amachepetsa mtundawo, amaletsa kuti malo awiri kapena atatu okha apange gulu, ndiponso amasonkhanitsa boma lililonse palokha.

Pamene pagona luso lenileni ndi pa mtundu wa kabwaloko. Chida cha Google chimapenta gulu laling'ono buluu, ndipo likamakula mtundu umasendera ku kufiira. Leaflet imapenta gulu losakwana 10 mobiriwira, losakwana 100 mwachikasu, loposa apo ngati lalanje. Mitundu yonseyi ikunena chinthu chimodzi chokha, kuchuluka. Koma mkulu woona za madzi kapena mayi wa komiti ya mjigo sawerenga choncho. Kwa iye kufiira ndi ngozi, kubiriwira ndi mtendere. Pa Leaflet, gulu la mijigo 8, imene 6 ndi yakufa, limaoneka lobiriwira, pamene gulu lalikulu la m'tauni la mijigo yamoyo yokhayokha limaoneka ngati lili pa moto. Zili ngati mulu wa tomato wa pamsika wa Kapata umene wabwino ali pamwamba, wovunda ali pansi. Galimoto yokonza mijigo ikatsata mapu otere imapita kolakwika, amayi n'kumatungabe madzi kudambo.

Lamulo la mmisiri wosamala n'lakuti kukula kwa kabwalo kunene kuchuluka, mtundu unene mmene zinthu zilili. Pa Android amalemba DefaultClusterRenderer wakewake, n'kulowa mu onBeforeClusterRendered ndi onClusterUpdated kuti awerenge mijigo yamoyo ndi yakufa m'gulu lililonse. Pa MapLibre kuwerengaku kumachitika ndi clusterProperties. Akatero amajambula mkombero kuzungulira kabwalo. Pakati pamakhala pakuda ndi nambala yoyera, mkombero umagawidwa molingana ndi zimene zili mkati: gawo la mijigo yamoyo, gawo la yakufa, ndi gawo lotuwa la imene sinayenderedwe kwa nthawi yaitali. Gawo lotuwalo n'lofunika kwambiri, chifukwa mjigo umene palibe akudziwa za iwo suyenera kuwerengedwa ngati wamoyo. Mjigo wakufa ngakhale uli umodzi pa 200, kachidutswa kake kayenera kuoneka pa mkombero. Popeza anthu ena, makamaka amuna, sasiyanitsa bwino kufiira ndi kubiriwira, amisiri aluso amasankha buluu ndi lalanje, ndipo amawonjezera kachizindikiro kochenjeza pambali kuti uthenga usadalire mtundu wokha. Kunja kwa mkombero amazunguliza kamzere koyera, kuti kabwalo kasasowe pa zithunzi za setilaiti, pomwe pena pali mitengo yobiriwira, pena dothi lofiira la katondo.

Mkombero umabwera ndi vuto lake. Kabwalo kalikonse ndi chithunzi chimene foni imajambula ndi kusunga, ndipo mafoni ofala kuno, a itel ndi Tecno a mtengo wotsika, alibe malo ambiri okumbukira. N'chifukwa chake chida cha Google chimalemba nambala yeniyeni pa magulu osakwana 10 okha, ena onse n'kuwalemba 10+, 20+, 50+, 100+, 200+, 500+ kapena 1000+, kuti zithunzi zikhale zochepa. Mmisiri amabwereka nzeru yomweyo: amagawa mkombero m'zigawo zisanu ndi zitatu, amajambula chithunzi chilichonse kamodzi, n'kuchisunga kuti achigwiritsenso ntchito. Nambala yeniyeni imatuluka munthu akadina kabwaloko. Zithunzi zonse zimajambulidwa m'foni momwemo, osati kutengedwa pa intaneti, chifukwa netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel sifika mofanana paliponse, ndipo bandulo ndi ndalama. Podina pasachepe 48 dp, muyeso umene Android imalangiza, kuti chala cha mlimi chisaphonye. Malo awiri akakhala pabwalo limodzi, monga chipatala ndi mjigo wake, Leaflet imawatambasula mozungulira ndi timizere, pamene pa Android ndi bwino kutulutsa mndandanda m'munsi mwa sikirini.

Zambiri mwa izi sizipezeka m'mabuku a zidazo, zimachokera kwa mphunzitsi. Mphunzitsi wabwino salola wophunzira kuweruza ntchito pa kompyuta, mumthunzi wa ofesi. Amamupatsa foni yakale ya galasi losweka, n'kumutulutsa panja masana dzuwa la mu Okotobala lili pamutu. Kumeneko mitundu yofewa imene inkakongola mkati imasungunuka yonse, nambala yaing'ono siwerengekanso. Kenako amamutuma kuti apereke foniyo kwa mayi wogulitsa masamba kapena wa njinga yonyamula anthu, osamufotokozera kanthu, angofunsa kuti, "Amayi, apa mukuonapo chiyani?" Mayiyo akayankha zosiyana ndi zimene wophunzira amafuna kunena, mphunzitsi sakalipa. Amangoti, "Mwana wanga, wolakwa si amayiwa, bwerera ukajambulenso." Amamuyendetsanso wapansi kukaona mijigo ingapo ya m'gulu limodzi, agwire chigwiriro ndi kupopa yekha, kuti adziwe kuti kuseri kwa nambala kuli ndowa ndi mzere wa anthu. Wophunzira wodutsa m'manja otere sasankhanso mtundu chifukwa chongokongola.

N'zopweteka kuti ntchito yotereyi imapikisana ndi ya anthu okopera khodi pa intaneti usiku umodzi, osasintha ngakhale mtundu umodzi, n'kutchula mtengo wa theka. Pulogalamu yawo imaoneka bwino pa foni yodula ya bwana tsiku loionetsa, ndipo imaima njii pa foni ya wogwira ntchito kumudzi sabata yotsatira. Nawo makasitomala ali ndi zawo. Wina amafuna kuti timabwalo tonse tikhale ndi mtundu wa bungwe lake, wina amafuna chizindikiro cha bungwe pakati pomwe payenera kukhala nambala, wina amati, "Bambo, n'timabwalo chabe, mtengo wonsewu ngwa chiyani?" Saona masiku oyeretsa manambala, oyesa pa mafoni osiyanasiyana ndi oyenda m'midzi. Malipiro amachedwa, koma zosintha zimafunidwa lero lomwe. Mmisiri wanzeru amalemba m'pangano chiwerengero cha zosintha zaulere, ndipo pa tanthauzo la mitundu sagonja.

Gawo lomaliza la ntchito ya mapuyi ndi kalozera wa mitundu, wolembedwa m'Chinyanja ndi m'Chingerezi pakona ya mapu: wamoyo, wakufa, sunayenderedwe. Pambali pake pamalembedwa tsiku limene uthenga unalowetsedwa komaliza, chifukwa mkombero umanena zoona za tsiku limenelo basi. Pulogalamu imaperekedwa kwa eni ake ikayesedwa pa foni yotsika mtengo, panja padzuwa, popanda netiweki, ndiponso timaphini tonse ta derali titalowetsedwa.