M'mawa wina ku A&E ya ana ku Gulupu

Mukatsika minibasi pa Ginnery Corner mumzinda wa Blantyre, simufunika kufunsa njira ya ku Gulupu. Ingotsatirani amayi amene asenza mabasiketi a zakudya ndi mafulasiki a phala, onsewo akulowera kumodzi. Dzina lenileni la chipatalachi ndi Queen Elizabeth Central Hospital, ndipo chidatsegulidwa mu 1958. Nyumba zake n'zambiri, zolumikizana ndi makonde ataliatali, moti mlendo sachedwa kusokera. Ine ndinkafuna khomo limodzi lokha, lofikira ana odwala mwakayakaya, kumene ogwira ntchito amangoti ku A&E ya ana. Ndinkafuna kuona madokotala achinyamata amene akusulidwa pamalopa, ndidziwe kumene adachokera komanso chimene chimawakokera kuntchito yoti ambiri amaiopa.

Choyamba kundilandira chinali phokoso. Pamabenchi panali patadzaza kale amayi, ena ana ali kumbuyo, ena ali pamiyendo, abambo owerengeka ataima m'mbali atagwira timabuku ta kuchipatala. Ambiri anali atatumizidwa kuchokera kuzipatala zazing'ono za ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni ndi Limbe. Ana ankalira mopikisana. Koma namwino amene ankayenda pakati pa mabenchiwo sankaima kwambiri pa olirawo. Ankasuzumira m'zitenje, kufunafuna mwana amene wangoti zii. Wolira mokweza ali ndi mpweya ndi mphamvu. Woopsa ndi uja walefuka, wasiya kuyamwa, amene mayi ake akuganiza kuti wangogona.

Kale sizinali chonchi. Isanafike 2001, ana ankaonedwa motsata mzere, wolawirira ndiye woyamba, ndipo wodwala kwambiri amene wachokera kutali ankatha kutsirizikira pabenchi. Professor Elizabeth Molyneux, amene adafika m'dziko muno koyamba mu 1974 kenako n'kukagwira ntchito yomweyi pachipatala cha ana cha Alder Hey ku Liverpool, atabwerera mu 1995 adayamba kusintha zinthu pamodzi ndi anzake. Adakonza malo atsopano, adaphunzitsa anamwino ndi ma clinical officer kusankhula ana pakhomo pomwe, ndipo adaonetsetsa kuti dokotala wodziwa bwino ntchito azipezeka pafupi. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2006. Mwa ana 100 ogonekedwa, kale ankamwalira pakati pa 10 ndi 18. Zitasintha chiwerengerocho chidatsika kufika pakati pa 6 ndi 8. Imfa zochitika m'maola 24 oyamba zidachoka pa 36 mwa imfa 100 zilizonse kufika pafupifupi 13. Sipadagulidwe makina odula ayi. Chidasintha ndi chakuti wina adayamba kuyang'ana mwana aliyense akangolowa. Njirayi, imene imatchedwa ETAT, bungwe la WHO lidaifalitsa, ndipo lero imaphunzitsidwa m'maiko ambiri a mu Africa ndi kwina.

Ndili chiimire pafupi ndi sikelo, kunalowa bambo wina akuthamanga, chipewa cha wakabaza chikadali kumutu, atanyamula mnyamata wa zaka ngati zitatu amene manja ndi miyendo zinkangogwedezeka. Panalibe womufunsa za kabuku. Namwino anangomugwira pamkono n'kumulowetsa m'chipinda chotsitsimutsira odwala, ine n'kuima pakhomo pamene anandiloleza.

M'chipindamo munali dokotala wamkazi wachitsikana, mmodzi mwa amene akuphunzira ukatswiri wa matenda a ana. Sanakweze mawu ngakhale kamodzi. Anamugoneka mwanayo cham'mbali, anaona ngati njira ya mpweya ili yotseguka, namwino n'kumuika timachubu ta okosijeni m'mphuno. Wina anabaya chala kuti ayeze shuga, chifukwa mwana wa malungo amene wasiya kudya shuga wake amatsika, ndipo kutsika kwa shugako pakokha kumakomola. Anamupatsa mankhwala oletsa linjirinjiri. Mtsempha wa pamkono unkavuta kupezeka, ndipo ndinaona dokotalayo akuyang'ana kale pamsongolo pa mwanayo, pomwe amabaya singano yolowa m'fupa mitsempha ikakanika. Mwamwayi kanyula inalowa. Dontho lina la magazi linapita kukayezedwa malungo ndi kuchuluka kwa magazi, pakona pomwepo, osati kutsidya lina la chipatala.

Kugwedezeka kutatha, dokotala anatsina chikhadabo cha mwanayo, namuyang'ana m'maso, namvetsera kulira kwake. Zinthu zitatuzi ndizo muyezo wotchedwa Blantyre Coma Score, umene Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor adaukonza pachipatala chomwechi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Umayambira pa 0 kulekezera pa 5, ndipo mwana amene wapeza 2 kapena kucheperapo ndiye kuti wakomoka kwambiri. Madokotala a maiko akutali amauloweza pamtima osadziwa n'komwe kuti Blantyre wake ali pati. Mwanayo anapezeka ndi malungo, ndipo analandira jakisoni wa artesunate, mankhwala amene adalowa m'malo mwa kwinini kafukufuku wamkulu wa mu 2010 ataonetsa kuti amapulumutsa ana ambiri. Apo m'pamene dokotala uja anatembenukira kwa bamboyo.

"Bambo, khalani pansi apa. Mwanayu wayamba liti kutentha thupi?"

"Dzana, adokotala."

Sanawakalipire. Ine ndinali nditayamba kale kuwaweruza mumtima, koma iye anangofunsa za mtunda, za mankhwala amene adamwetsa kunyumba, ndi ngati mwanayo adamwako za zitsamba, mwaulemu woti munthu sangabise kanthu.

Nthawi ya tiyi, imene kunoko imangokhala ya dzina chabe, ndinacheza ndi ena mwa ophunzirawa m'kachipinda kodzaza mafaelo. Njira ya ambiri ndi imodzi. Amachita zaka zisanu za udokotala kusukulu imene idatsegulidwa mu 1991 ndi dzina loti College of Medicine, yomwe mu 2021 idaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Kenako amagwira ntchito moyang'aniridwa kwa chaka ndi theka, ena n'kutumizidwa kumaboma, asanabwerere kudzachita zaka zinayi za MMed ya matenda a ana. Ku America ndi ku Britain, chithandizo chadzidzidzi cha ana ndi nthambi yoima payokha, imene munthu amailowa atachokera ku matenda a ana kapena ku chithandizo chadzidzidzi cha anthu onse. Kuno aliyense wofuna kukhala dokotala wa ana ayenera kudutsa pakhomoli usana ndi usiku, afune asafune. Amene lawakola mtima amakapitiriza kunja, kawirikawiri kuchipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town, kumene kuli ndondomeko ya African Paediatric Fellowship Programme yophunzitsa madokotala a mu Africa kuti abwerere kwawo.

Koma mbiri zawo n'zosiyana kwambiri kuposa mapepalawo. Dokotala wamkazi uja adakulira m'tauni, ndipo poyamba ankafuna za opaleshoni. Chidamusintha maganizo, monga anandifotokozera, ndi liwiro limene ana amachirira: wabwera m'mawa ali chikomokere, mawa lake akulimbirana nthochi ndi mlongo wake. Mnzake wina, wamkulupo pang'ono, adayamba ngati clinical officer, adagwira zaka zingapo pachipatala china cha boma kumene usiku ankakhala yekha ndi namwino mmodzi, kenako adabwerera kusukulu. Iyeyu sankakamba za ana ochira. Ankakamba za amene adawatumiza pa ambulansi ulendo wa maola atatu n'kumva kuti sadafike. Chidwi chake chonse chili pa zimene zimachitika mwana asanafike ku Gulupu: ndani amuone, amupatse chiyani asananyamuke, ndani akhale naye m'galimoto. Panalinso mlendo wochokera ku Ulaya, wodziwa bwino makina opumitsira odwala, amene adabwera kwa miyezi yochepa. Anavomera yekha kuti kwawo anali asanaonepo malungo a muubongo kapena mwana wotupa mapazi chifukwa cha kunyentchera, ndipo aphunzitsi ake enieni masiku oyambirira anali anamwino.

Pamenepa ndinene maganizo anga. Mwa atatuwa, amene ndinamuona kuti ali ndi chuma chosowa ndi uja wochokera kuboma. Sikuti anzakewo ndi operewera, kutalitali. Koma iye akagwira mwana amaganiza ngati munthu amene alibe womuitana, ndipo ana ambiri a m'dziko muno amadwalira kumalo otero, osati ku Blantyre. Sukulu zathu zikamasankha ophunzira zisamangoyang'ana amene adakhoza bwino mayeso, zizifunsanso amene adagonapo pa wodi ya ana kumudzi nyengo ya mvula.

Titatuluka kuti tizungulire, ndinaona kuti chidwi cha aliyense chili ndi khomo lake m'makondemo. Dokotala wamkazi uja anandiimika pa khanda lina lodwala chibayo, limene linali ndi timachubu m'mphuno tolumikizidwa ku kabokosi kokhala ndi botolo la madzi ochita thovu. Kachipangizoka dzina lake ndi Pumani, ndipo kadakonzedwa ndi akatswiri a ku Rice University ku America mogwirizana ndi madokotala a pachipatalachi. Kamakankha mpweya pang'onopang'ono kuti timapapo tisafote mwana akamatulutsa mpweya, ndipo mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi makina a maiko olemera. Iye amafuna kudziwa kuti ndi ana ati amene kamawathandizadi, chifukwa si aliyense wobanika amene kangamupulumutse. Anandiphunzitsanso kuwerenga mpweya: khanda losakwana miyezi iwiri likamapuma ka 60 kapena kuposa pamphindi imodzi, la miyezi iwiri mpaka chaka ka 50, mwana wa chaka mpaka zaka zisanu ka 40, ndiye kuti akupuma mothamanga.

Mnzake uja wochokera kuboma nkhani yake inali ya diripi, ndipo anaikamba motentha. Kwa zaka zambiri madokotala ankaphunzitsidwa kuti mwana wotentha thupi amene magazi ake sakuyenda bwino apatsidwe madzi ambiri mwachangu mumtsempha. Mu 2011 kafukufuku wotchedwa FEAST, amene adachitika ku Uganda, Kenya ndi Tanzania pa ana oposa 3,000 motsogoleredwa ndi Kathryn Maitland, adapeza kuti ana opatsidwa madzi motero ankamwalira ochulukirapo kusiyana ndi amene ankalandira diripi yoyenda pang'onopang'ono. Ana otsegula m'mimba kwambiri sadali m'gulu limeneli, iwowo madzi amawafunabe msanga. Kwa dokotala wochokera kuboma uja phunziro lake n'lakuti buku lolembedwa ku London silingangotsatidwa mwachimbulimbuli pa mwana wa ku Chikwawa amene magazi ake atha ndi malungo. N'chifukwa chake ambiri mwa achinyamatawa akufuna kuchita kafukufuku wawo. Sayenda mtunda kuti aone chitsanzo: pawodi ya kafukufuku wa malungo pompano, makina a MRI adathandiza kuonetsa mu 2015 kuti ana ambiri ofa ndi malungo a muubongo amafa chifukwa ubongo umatupa n'kupanikiza mbali imene imayendetsa kupuma.

Tinadutsa ku Moyo, kumene ana onyentchera amalandira mkaka wapadera ndi chiponde, kenako tinaona nyumba ya Mercy James, imene idatsegulidwa mu 2017 ndi thandizo la bungwe la Madonna, momwe muli mathiyeta a ana ndi chipinda cha odwala kwambiri. Sitinachedweko. Ophunzira ena mtima wawo uli kumeneko, ena uli ku One Stop Centre kumene amathandiza ana ochitidwa nkhanza, ntchito imene imayambiranso pakhomo la A&E pamene dokotala waona kuti chilonda sichikugwirizana ndi nkhani imene akuuzidwa.

Pobwerera anandiuza kuti khomoli lili ndi kalendala yakeyake. Mvula ikagwa ndi malungo ndi kutsegula m'mimba. M'miyezi ya June ndi July ndi chibayo komanso ana opsa ndi mbaula kapena phala lotentha. Mango akapsa ndi anyamata othyoka mikono. Chaka chonse ndi ana omwa palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa, kapena odya tameki. Katemera wa chibayo amene adayamba mu 2011 ndi wa rotavirus wa mu 2012 adachepetsako ena mwa odwalawa, koma mabenchi sakhala opanda anthu. Kolera wa 2022 mpaka 2023, komanso namondwe Freddy amene adagumula mapiri ndi nyumba mu March 2023, zidakumbutsa onse kuti tsiku lina ana angabwere ambiri nthawi imodzi, ndipo pali ophunzira amene tsopano akufuna kuzama pa kukonzekera ngozi zotere.

Potsanzika, ndinafunsa chimene angakonde kuti makolo adziwe. Sanatchule dzina la mankhwala. Ngati mwana wanu akubanika kapena nthiti zikulowa mkati popuma, wachita linjirinjiri, sakudzuka, walephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, m'manja mwayera, kapena manja ndi mapazi zazizira, musadikire kuti kuche ndipo musakhale kumapeto kwa mzere mwaulemu. Pitani kutsogolo, muuzeni namwino woyamba amene mwamuona, ndipo muvundukuleni mwanayo amuone.